Kodi jakisoni ameneyu agwira pa ine?

## Mwendo ndiwo unkalira

Milungu isanu ndi iwiri ndinakhala ndikudya choimirira. Ndikangoti ndikhale pampando, ululu unkabuka m'thako lakumanzere, n'kutsika ndi ntchafu, kudutsa m'mbali mwa katumba, mpaka kukafika pamwamba pa phazi ndi pachala chachikulu. Unali ngati waya wotentha amene wina wamulowetsa m'mwendo n'kumamukoka pang'onopang'ono. Msana weniweniwo sunkapweteka kwenikweni.

Zinayamba madzulo ena nditawerama kuti ndinyamule mwana wathu amene anagona pansi. Ndinamva kulasa pang'ono m'chiuno, ndinangoti zitha. Patapita masiku atatu mwendo unayaka. Kuyambira pamenepo ngakhale kuyetsemula kunkafunika kukonzekera: kugwira khoma kaye, kupinda mawondo, kenaka n'kulola kuti kubwere.

Amene munadwalapo sciatica, ululu wa mtsempha wotsika kuchokera kumsana mpaka kumwendo, sindichita kukufotokozerani za 2 koloko usiku, ukuzungulira m'nyumba anzako onse ali mtulo. Mapiritsi ndinamwa, mafizo ndinapanga. Sikani ya MRI inaonetsa kuti disiki, kakhushoni ka pakati pa mafupa a msana otchedwa L4 ndi L5, yang'ambika, ndipo zofewa za m'kati mwake zatuluka n'kukhudza muzu wa mtsempha wopita kumwendo. Atanditumiza kwa dokotala woona za ululu kuti akaone ngati angandibaye jakisoni wa steroid (mankhwala oletsa kutupa) pamsana, uja amamutcha epidural, ndinanyamula funso limodzi lokha. Dzina la mankhwala ndinalibe nalo ntchito, kutalika kwa singano chimodzimodzi. Ndinkafuna munthu andiuze kuti agwira kapena sagwira.

## Cholembera

Ndinalowa kwa dokotalayo chithunzi changa cha MRI chili m'manja. Ndinali nditachiyang'ana kambirimbiri moti kabanga kakuda ka padisiki ndinkakaona ngakhale nditatsinzina. Anandilozera mpando, ndinapepesa n'kuima motsamira khoma.

"Adokotala, ndiuzeni zoona. Mukandibaya, ululuwu utha?"

Anali mayi wachikulire, wolankhula mofatsa. Analandira chithunzicho n'kuchiika pambali osachiyang'ana n'komwe. Kenaka anatulutsa pepala lojambulidwa thupi la munthu, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kundipatsa cholembera.

"Chithunzicho tichiona, bambo. Yambani mwandisonyeza njira imene ululu wanu umayenda."

Mtima unandiwawa. Ndinabwera kudzamva yankho, osati kudzajambula. Komabe ndinalemba: mzere umodzi woonda, kuchokera pathako mpaka pachala chachikulu. Dzanja silinakayike paliponse, pajatu njira imeneyo ndinkaiyenda usiku uliwonse.

Anauyang'ana mzerewo nthawi yaitali kuposa mmene anadzayang'anira MRI pambuyo pake. Kenaka mafunso anayamba. Pakati pa msana ndi mwendo, chopweteka kwambiri n'chiti? Chinayamba liti? Ndikumwa mapiritsi anji, ndipo pali a gulu la morphine? Ndinachitidwapo opaleshoni ya msana? Anandigoneka chagada n'kukweza mwendo wanga uli wowongoka, ndipo usanafike ndi pakati pomwe ndinakuwa. Anandiuza kukankha dzanja lawo ndi chala chachikulu, kuyenda ndi zidendene, kuyenda monyang'ama. Anafunsanso ngati mkodzo ukutuluka bwinobwino komanso ngati ndili ndi dzanzi pakati pa miyendo. Anati zimenezo zikachitika si nkhani ya jakisoni ayi, munthu amathamangira kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa pangafunike opaleshoni yachangu.

Funso lomaliza sindinaliyembekezere.

"Nanga mtima wanu uli bwanji masiku ano? Mukugona?"

Misozi inalengeza. Kwa milungu isanu ndi iwiri aliyense ankafunsa za mwendo, za mtima panalibe anafunsapo. Ndinawauza kuti ndikuopa. Ndinkaopa ntchito, ndinkaopa kuti mwana wanga sindidzamunyamulanso.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Apo m'pamene anatenga chithunzi chija, n'kuchiyang'ana, n'kuchiika pafupi ndi pepala langa.

"Bambo, lonjezo ndilibe. Chimene ndingakuuzeni ndi mbali imene mwaima. Mtsempha umapweteka pa zifukwa ziwiri, kupanidwa ndi kupsa. Jakisoni wanga sabweza disiki m'malo mwake, ndipo sachotsa chimene chikupana. Ntchito yake ndi kuzimitsa moto basi. Ngati ululu wanu wambiri ukuchokera ku moto, muona kusintha. Ngati ukuchokera ku kupanidwa, ndingathire mankhwala ochuluka bwanji, phindu likhala lochepa."

"Ndiye ine ndili mbali iti, adokotala?"

Anatsata mzere wanga ndi chala. "Ululu wa njira imodzi. Wa mwendo kuposa msana. Wa milungu, osati zaka. Ukugwirizana ndi muzu umene chithunzi chikuloza, ndipo muzuwo wakhudzidwa koma sunaphwatalale. Muli mbali yabwino. Koma ndikuuzeninso kuti ndabayapo anthu ofanana ndi inu ndendende, ena n'kubwerera ali momwemo."

Ndinatuluka opanda yankho limene ndinadzera. Chodabwitsa n'chakuti mtima unapepuka kuposa mmene ndinalowera. Kwa nthawi yonseyo ndinkakhulupirira kuti chithunzi ndiye woweruza, kuti mlandu wanga unagamulidwa kale mu kabanga kakuda kaja, chongotsala n'kupeza munthu wodziwa kukawerenga. Tsiku limenelo ndinaona kuti umboni waukulu unali ndi ine: njira ya ululu, msinkhu wake, mphamvu ya chala changa, ngakhale tulo tanga.

## Kupanidwa ndi kupsa

Popeza tulo panalibe, masiku oyembekezera jakisoni ndinkaika foni pamwamba pa kabati n'kumawerenga choimirira. Ndinkafuna kumvetsa moto umene adokotala ankanena.

Mu 1934 madokotala awiri a ku Boston, William Mixter ndi Joseph Barr, anaonetsa kuti disiki yong'ambika imayambitsa sciatica. Kwa zaka zambiri nkhani inkaoneka yosavuta: chinthu chapana mtsempha, chichotseni. Koma mu 1993 Kjell Olmarker ndi anzake ku Sweden anatenga zofewa za m'kati mwa disiki n'kuziika pafupi ndi mizu ya mitsempha ya nkhumba, popanda kuipana ngakhale pang'ono, ndipo mitsemphayo inawonongeka ndithu. Zam'kati mwa disiki zimakhala zotsekeredwa moyo wonse. Zikatuluka, thupi limaziona ngati mlendo wachabe n'kuzithira nkhondo, ndipo mtsempha woyandikana nazo umapsera limodzi. Steroid ndi mankhwala oletsa kutupa. Epidural ndi njira yowafikitsira mu kampata kopapatiza kamene kali kunja kwa chikuta cha mitsempha, pafupi penipeni ndi pamene pakuyaka.

Chimene chinandigwedeza kwambiri ndi kafukufuku wa mu 1994 wa Maureen Jensen ndi anzake. Anajambula ndi MRI anthu 98 amene msana sunkawapweteka n'komwe. Mwa anthu 52 pa 100 alionse anapeza disiki yofufuma, mwa 27 pa 100 disiki yotulukira ndithu mbali imodzi. Amene madisiki awo onse anali bwinobwino anali 36 pa 100 okha. Anthu athanzi, oyenda, onyamula ana awo, koma zithunzi zawo zoopsa ngati changa. Apo ndinamvetsa chifukwa chimene adokotala anayambira ndi cholembera. Chithunzi chimaonetsa chimene chatuluka. Sichionetsa ngati chotulukacho ndi chimene chikukuliza.

Izi sizikutanthauza kuti chithunzi n'chopanda pake. Ku Australia, Ali Ghahreman ndi Nikolai Bogduk anafufuza ndendende funso langa lija, ndipo mu 2011 anatulutsa zimene anapeza mwa odwala 71 amene anabayidwa jakisoniyu. Mwa amene muzu wa mtsempha unali wopanidwa pang'ono, 75 pa 100 ululu unatsika ndi theka kapena kuposa patatha mwezi umodzi. Mwa amene unali wopanidwa kwambiri, anathandizika 26 pa 100 okha. Ndiwo mawu a adokotala aja, koma m'manambala. Ndinawawerenga kangapo. Ndinaonanso chimene mtima sunkafuna kuona: ngakhale ku mbali yabwinoyo, munthu mmodzi mwa anayi alionse anabwerera osathandizika.

Zizindikiro zina n'zosalimba chotero. Makafukufuku ambiri, ngakhale si onse, amapeza kuti ululu wongoyamba kumene umamvera jakisoni kuposa umene wakhalitsa. Ululu ukatha miyezi yambirimbiri, mitsempha ndi ubongo zimazolowera kulira moti zimapitiriza ngakhale moto utazima. Anthu amene ali ndi matenda a nkhawa kapena okhumudwa kwambiri, komanso amene akhala nthawi yaitali pa mapiritsi a gulu la morphine, kawirikawiri zotsatira zawo zimakhala zocheperako. Funso la mtima lija silinali la chifundo chokha. Linali mbali ya kuyeza.

## Manambala amene sindinawakonde

Ndikanakonda kulekera pamenepo, koma kungakhale kukubisirani.

Mu 1997 ku Canada, Simon Carette ndi anzake anagawa odwala sciatica 158 m'magulu awiri. Ena anabayidwa steroid, ena madzi a mchere. Obayidwa steroid anapezako bwino m'milungu yoyambirira, koma patatha chaka chiwerengero cha amene anachitidwa opaleshoni chinali chofanana, pafupifupi mmodzi mwa anayi m'gulu lililonse. Mu 2020 bungwe la Cochrane, lounika makafukufuku a zaumoyo, linaphatikiza makafukufuku 25 a anthu oposa 2,400. Kusiyana kwa ululu wa mwendo pakati pa jakisoni weniweni ndi wongoyerekezera kunali pafupifupi 5 pa sikelo ya 100, ndipo kunali kwa nthawi yochepa.

Usiku umene ndinawerenga zimenezo ndinatsala pang'ono kuimba foni kuti ndasintha maganizo. Singano pafupi ndi mtsempha chifukwa cha 5 pa 100? Pajatu zoopsa ziliponso. Mu 2014 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku United States, linachenjeza kuti, ngakhale zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri, jakisoni wa steroid pamsana angayambitse sitiroko, kufa ziwalo, khungu, ngakhale imfa.

Maganizo anga pa manambala amenewa ndi awa. Amene amagulitsa jakisoniyu ngati mankhwala ochiritsa msana akunama, ndipo manambalawa amawatsutsa. Koma amene amati ndi wopanda ntchito chifukwa avereji ndi yaing'ono, nawonso akuphonya. Mu avereji imodzi mumalowa wa milungu isanu ndi wa miyezi khumi, wa mtsempha wokhudzidwa ndi wa mtsempha wophwatalala, wobayidwa mothandizidwa ndi makina a X-ray ndi wobayidwa mongopapasa. Munthu amene waima motsamira khoma sakufunsa za gulu lonselo. N'chifukwa chake nkhani yolosera amene athandizike si nkhani yapambali. Ndi pamene pagona phindu lonse la jakisoniyu, ndipo dokotala amene amabaya asanafunse mafunso aja akuseweretsa msana wa munthu.

Foni sindinaimbe.

## Tsiku lobaya ndi kabuku

Anandigoneka chafufumimba, pilo pamimba. Njira zobayira zilipo zitatu: kumbuyo pakati pa mafupa awiri, kunsi kwenikweni kwa msana, kapena m'mbali pa kabowo kamene muzu wa mtsempha umatulukira. Kwa ine anasankha ya m'mbaliyo chifukwa muzu wovutawo unali umodzi wodziwika. Singano ankaitsogolera ndi makina a X-ray, ndipo asanathire mankhwala anayamba athira timadzi tooneka pa sikirini kuti atsimikize kuti sanalowe mu mtsempha wa magazi. Steroid amene anagwiritsa ntchito ndi dexamethasone, amene alibe timibulu totha kutseka timitsempha ta magazi. Pamene mankhwala ankalowa, ululu wanga uja unathamanga njira yake yonse mpaka kuchala.

"Ndi womwewo, adokotala!"

"Ndiye kuti tagogoda pakhomo loyenera, bambo."

Madzulo a tsiku limenelo mwendo unali zii. Koma anali atandichenjezeratu kuti ndisasangalale msanga. Bata limenelo linali la mankhwala a dzanzi amene amasakaniza mu jakisoni, ndipo amatha m'maola ochepa. Limatsimikiza kuti muzu umene abaya ndi wolondola, koma silinena ngati steroid agwira. Steroid amayamba ntchito patapita masiku, nthawi zina mpaka milungu iwiri.

M'mawa mwake ululu unabwerera. Tsiku lachitatu unaposa kale. Nkhope inkatentha, ndipo masiku awiri tulo tinathawiratu, zimenenso anati steroid amachita. Ndikanapanda kuuzidwiratu, ndikanauza aliyense kuti jakisoni walephera, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri amene amanena choncho amaweruza pa tsiku lachitatu lomweli.

Chimene chinandigwira dzanja ndi kabuku. Anandiuza kuti madzulo alionse ndizilemba zinthu ziwiri: ululu wa mwendo pa sikelo ya 0 mpaka 10, ndi mphindi zimene ndatha kukhala pampando. Ndisanabayidwe ndinkalemba 8, mphindi 5. Tsiku lachitatu ndinalemba 9. Lachisanu ndi chimodzi, 6. Ululu sumatsazika pochoka, umangobwerera m'mbuyo mwakachetechete, kuchoka kuphazi kupita pakatumba, kuchoka pakatumba kupita pantchafu, ndipo popanda kabuku munthu sungazindikire. Tsiku la 10 ndinkathandiza mwana ntchito ya kusukulu, akazi anga anaima pakhomo n'kugwira pakamwa.

"Abambo, mwazindikira kuti mwakhala pansi?"

Ndinali nditakhala mphindi 40. Usiku umenewo ndinalemba 4.

## Thupi linali pa ntchito yake

Patatha miyezi iwiri ululu unakwerako pang'ono, monga anandiuzira kuti zingachitike. Koma unandipeza ndili munthu wina, wogona usiku, woyenda tsiku lililonse, wopanga mafizo popanda kukukuta mano.

M'kati mwa nthawi yonseyi thupi linali likuchita zake. Nkhondo yomweyo imene imawotcha mtsempha ndi imenenso imadya zotuluka mu disiki. Maselo oteteza thupi amazimeza pang'onopang'ono, ndipo chodabwitsa n'chakuti zidutswa zimene zatulukiratu n'kuthothoka ndi zimene zimasungunuka kawirikawiri kuposa disiki yongofufuma. Ku Netherlands, Wilco Peul ndi anzake anatsatira odwala sciatica 283 n'kutulutsa zotsatira mu 2007. Ochitidwa opaleshoni msanga ululu unawathera msanga. Mwa odikira, 39 pa 100 anadzachitidwabe opaleshoni pambuyo pake. Koma patatha chaka, m'magulu onse awiri pafupifupi 95 pa 100 anali atachira.

Mwa munthu mmodzi, ntchito ya jakisoni ndi ntchito ya nthawi sizilekanitsika. Chimene jakisoni anandichitira ndi kundiwolotsa pamene madzi anali akuya kwambiri. Disiki analibe nayo ntchito. Dzanzi pachala chachikulu lidakalipo mpaka lero, ngati kuti pali kansalu pakati pa chala ndi nsapato.

## Amalume

Mwezi watha amalume anandiimbira foni.

"Mphwanga, ndamva kuti jakisoni uja wakuchiritsa. Nanenso miyendo yandivuta. Undiuze, ndikabayitse?"

Lilime linkafuna kunena kuti inde. Munthu ukapeza bwino umafuna aliyense adutse njira yako. Koma ndinakumbukira cholembera chija, ndipo ndinayamba kufunsa.

Ululu wawo si wa milungu, watha zaka zinayi. Si mwendo umodzi, ndi yonse iwiri. Akayenda pang'ono miyendo imalemera n'kuchita dzanzi, akakhala pansi kapena kuwerama zimatha. Ine mpando unkandizunza, iwo mpando ndiwo umawapumitsa. Kuchipatala anawauza kale kuti ngalande ya msana imene mitsempha imadutsamo yachepa chifukwa cha ukalamba, matenda otchedwa spinal stenosis. Kumeneko ndi kupanidwa kwambiri, moto wochepa.

Ndinawauza zimene ndinawerenga. Mu 2014 Janna Friedly ndi anzake ku United States anayesa odwala stenosis 400. Ena anabayidwa steroid wosakaniza ndi mankhwala a dzanzi, ena mankhwala a dzanzi okha, ndipo patatha milungu 6 kusiyana kunali kochepa kwambiri. Malangizo a mu 2016 a bungwe la zaumoyo la NICE ku England amalola jakisoniyu pa sciatica yongoyamba ndi yoopsa, koma amaletsa pa miyendo yolemera poyenda chifukwa cha ngalande yochepa. Komanso amalume ali ndi shuga, ndipo steroid amakweza shuga kwa masiku angapo. Amamwanso mapiritsi osungunula magazi, amene dokotala ayenera kuwadziwa singano isanayandikire msana.

Anakhala chete kanthawi.

"Ndiye ukuti ndisiye?"

"Ayi, amalume, wogamula ndi adokotala atakuyezani. Koma musapite ndi nkhani yanga, mupite ndi yanu. Tengani pepala, mujambule thupi, musonyeze pamene pamapweteka. Mulembenso mphindi zimene mumatha kuyenda musanafune mpando."

Patapita masiku awiri ananditumizira chithunzi pafoni. Panalibe mzere woonda ngati wanga uja. Anadetsa miyendo yonse iwiri kuchokera m'chiuno mpaka m'munsi mwa mawondo, ngati avala kabudula wakuda, ndipo pansi pake analemba ndi dzanja lonjenjemera kuti mphindi 10. Tsiku lokaonana ndi adokotala ndi Lachinayi likudzali. Ndawauza kuti ndiwaperekeza, ndipo anyamule pepalalo pamodzi ndi mabotolo onse a mapiritsi amene akumwa.